Mabushi a galimoto yanga yodzipangira: zomwe ndinapeza kwa madala a lathe ku Limbe

Anthu angapo amene anaiona galimoto yanga ili pa lole tsiku lija tikudutsa pa Green Corner akhala akundifunsa za mabushi, timarabara tija tokhala pomwe mikono yogwira matayala imamangidwira ndi bawuti, kuti ndinapangitsa kuti komanso ndinaika olimba bwanji, nde ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi zonse mmene zinayendera chifukwa nkhani imeneyi yandidyera ndalama ndi miyezi yambiri ndipo sindikufuna mnzanga wina adzadutse momwe ndinadutsa ine. Ndikamba za kamalo kena kosemera zitsulo ku Limbe komwe ndinakapangitsa, zabwino zake ndi zomwe zinandiwawa, koma kuti mumve bwinobwino ndiyambe kaye ndi galimotoyo.

Ndakhala ndikuyipanga kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, chino ndi chaka chachitatu. Maonekedwe ndinatengera Lotus Seven, kagalimoto ka mipando iwiri kamene Colin Chapman anatulutsa ku England mu 1957, kungoti yanga ndinaikweza m'mwamba chifukwa misewu yathu ya m'makwalalayi ukaitsitsa ngati mmene amachitira kunjako ndiye kuti sampu itsala pa mwala woyamba. Injini ndi A14, giyabokosi ndi difu zonse ndinachotsa mu Nissan 1400 ina yomwe inachita ngozi, timabaki tija tinkapangidwa ku South Africa mpaka 2008 ndipo masipeya ake ku Ndirande akupezekabe osavutika. Kutsogolo ndinawotcherera ndekha ma wishbone, mikono yogwira matayala ija, awiri mbali iliyonse, ma hub ndi a Ford Cortina.  Kumbuyo ndinachotsa masipuling'i athyathyathya a baki aja, ndinaika ma coil, mikono inayi yogwira difu ndi Panhard rod imodzi, chitsulo chopingasa choletsa difu kusunthira cham'mbali. Mukawerenga mupeza malo 18 ofunika bushi, osaphatikiza a mashoko.

Poyamba mabushi sindinkawaganizira nkomwe, mutu wonse unali pa injini ndi pa chasisi. Ndinangogula aja odula ku matayala akale a mathiraki omwe anyamata amadula ndi mpeni pamsika. Ndisawanyoze anyamata amenewa, amathandiza anthu ambiri, minibasi imafika nawo kumapeto a mwezi bwana akusaka ndalama ya enieni. Koma bowo lake silikhala pakati penipeni ndipo mulibe kapaipi komatidwa mkati, nde bawuti imangosewera mu rabaramo, lero tayala laima chonchi mawa laima chonchi. Pa galimoto yomwe wayeza ndi kuwotcherera wekha zimenezi ndi zoopsa chifukwa ikamakokera mbali imodzi sudziwa ngati walakwitsa miyezo ndi iweyo kapena ndi bushi yomwe yagona.

Kenako mnzanga wina anandiuza kuti man ikani nayiloni basi, yoyera ija, simudzasinthanso. Munthu wina anandisemera onse 18, ndinamanga, zinaoneka bho. Galimoto inakhala pansi pa tenti Januwale ndi Febuluwale yense mvula ikugwa, tsiku lomwe ndinaikweza pa jeke nditachotsa shoko, wishbone inangoima m'malere osatsika yokha, ndinachita kuiponda ndi phazi kuti igwe, uku ikulira kwiii. Nayiloni imamwa madzi nkutupa, nde inali itagwira kapaipi ka mkati ngati chomangira. Apa mpomwe makaniko wina wa pafupi ndi kwathu anandilozera kwa madala a ku Limbe.

Malowo alibe ndi chikwangwani chomwe, ndi shedi ya malata kuseri kwa mashopu, muli ma lathe awiri akalekale, kamakina koboolera ndi puresi ya hayidiroliki. Eni ake ndi abambo achikulire a imvi, ali ndi anyamata awiri owathandiza. Ine ndinapita nditatsimikiza kale zomwe ndikufuna, ndinawauza kuti madala ndikufuna polyurethane, pulasitiki uja wonga rabara, yolimba kwambiri, ya nambala 95 pa muyezo wa kulimba, paliponse. Iwo sanayankhe za mtengo, anandifunsa kuti galimotoyo ili kuti. Nditawaonetsa zithunzi pa foni anayang'ana nthawi yaitali chithunzi cha kumbuyo kuja nkundifunsa kuti, "Achimwene, mkono uwu umangokwera ndi kutsika, kapena umapotokanso?" Funso limeneli ndi lomwe ndikuwapatsira ulemu mpaka lero, ngakhale tsiku limenelo sindinalimvetse.

Chinthu choyamba chomwe chinandigwira mtima nchakuti ali ndi durometer, kachipangizo kokhala ngati wotchi kokhala ndi kasingano pansi. Ukakadinikiza pa rabara kasinganoko kamalowa, kakalowa kwambiri nambala imatsika, kakakanika kulowa nambala imakwera, kuyambira 0 mpaka 100. Muyezo wake umatchedwa Shore A, dzinali likuchokera kwa Albert Shore wa ku America yemwe anakonza kachipangizoka m'zaka za m'ma 1920. Zinthu zolimba kwambiri ngati mapulasitiki aja a Delrin ndi nayiloni amayezera pa muyezo wina wa Shore D, nde osasokoneza, 80 ya A ndi 80 ya D ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri. Madala anandipatsa kuti ndiyese ndekha. Tayala la galimoto yomwe inaima panja linawerenga m'ma 60, bushi yatsopano ya rabara ya m'shopu nayo inali cha momwemo, ndodo yawo ya polyurethane imodzi inawerenga 80 ina 95. Anandichenjezanso kuti chomwe ukuyezacho chikhale chokhuthala mamilimita 6 kapena kuposa, chikapyapyala kasingano kamamva chitsulo cha pansi nkukunamiza. Malo ambiri omwe ndinayendamo mu town muno munthu amangodina ndi chikhadabo nkukuuza kuti iyi ndi yolimba bwana.

Za mtundu nazonso ndiziike pompano chifukwa anthu ambiri tikupusitsika nazo. Kufiira kapena chikasu sikutanthauza kulimba ayi, ndi utoto chabe ndipo kampani iliyonse ili ndi mitundu yake. Mwachitsanzo a Powerflex a ku UK mabushi awo a pamsewu ndi apepo, 80A, akuda ndi a mpikisano, 95A, koma zimenezo ndi za iwowo basi, ndodo yofiira yomwe wina wabwera nayo pa basi kuchokera ku Johannesburg itha kukhala nambala ina iliyonse. Funsani nambala ndipo ngati nkotheka ayeze inu mukuona.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi apa. Bushi ya rabara ya fakitale, rabara amamatiriridwa ku kapaipi ka mkati komanso ku chigoba cha kunja. Mkono ukamakwera palibe chomwe chikutsetsereka, rabarayo ndi amene akupotoka mkati mwake nkubwereranso, nchifukwa chake salira, safuna girisi, fumbi lilibe polowera, ndipo amalola mkono kupendekera mbali ina iliyonse pang'ono. Polyurethane sagwira ntchito choncho. Iyeyu amazungulira pa kapaipi ka mkati ngati bering'i, nde ngati mkono ukuyenda njira imodzi yokha ngati chitseko pa hinje zake, amachita bwino zedi ndipo tayala limakhala pomwe unaliika. Koma ukamukakamiza kuti apendekere cham'mbali amakana, ndipo akalimba kwambiri mpomwenso amakana kwambiri, mphamvu ija nkusowa kolowera kenako imakathera pa chitsulo chomwe chamugwira.

Madala anandifotokozera zonsezi kuti ma wishbone akutsogolo ndi chitseko, kumeneko tiike polyurethane, koma mikono inayi yakumbuyo iyayi, chifukwa difu ndi chitsulo chimodzi, tayala la kumanzere likakwera pa chulu la kumanja lili pansi difu yonse imapendekeka ndipo mikono yonse inayi iyenera kupotoka nayo. Ine ndinakakamira. Ndinali nditaona zithunzi zambiri pa intaneti za magalimoto a mpikisano ali ndi mabushi akuda paliponse ndipo mtima wanga unali pomwepo. Iwo anati chabwino ndalama ndi zanu, tikusemerani, koma mukamanga mudzayang'anitsitse pomwe munawotcherera mabulaketi. Sanakwiye, sanandinyoze, anangosema.

Galimotoyi mapepala ake sanathe nde pa tala sinayambe kuyenda, ndimakaiyesera kumunda kwa amalume ku Mpemba komwe kuli kanjira ka dothi kozungulira munda, kali ndi mizere ya madzi, miyala ndi malo amodzi okwera mopendekeka. Ulendo woyamba ndinamva kuti kumbuyo kukudumpha ngati ngolo, pa malo opendekeka aja tayala limodzi linanyamuka nkuyamba kuzungulira m'malere. Ndinaganiza kuti ma coil ndi omwe alimba. Loweruka lachitatu ndikutsuka matope ndinaona kamzere kofiira ka dzimbiri m'mbali mwa bulaketi ya mkono wa m'mwamba wa kumanja, pa difu penipeni, nditapala ndi burashi ya waya ndinapeza mng'alu woyambira pomwe weld inathera. Thupi linazizira, chifukwa tsiku lomwelo ndinali nditakweza mwana wa amalume kuti amve kukoma kwake.

Nditabwerera ku Limbe ndi nkhaniyi madala sananene kuti ndinakuuzani. Anatseka shedi Loweruka masana nkukwera nane minibasi mpaka ku Chilomoni, osandilipiritsa kanthu kupatula thiransipoti ndi Fanta. Anandiuza kuti ndikweze chasisi pa zitsa, ndichotse mashoko ndi ma coil onse awiri, difu itsale ikulendewera pa mikono yokha titaichirikiza pakati ndi jeke. Kenako anati nyamulani tayala limodzi ndi manja. Ndinanyamula, linakwera pang'ono nkuuma gwa, ndikakakamiza chasisi yonse imayamba kunyamuka. Anati mwaona, apa mulibe sipuling'i iliyonse koma galimoto ikukana kupendekeka, ndiye amene akukanayo ndani. Mayeso amenewa aliyense amene akupanga galimoto awachite asanayendetse, safuna ndalama, ndipo amakuuza chilungamo kuposa nambala iliyonse yolembedwa pa paketi. Titaika a rabara mbali zonse ziwiri za mikono ija nkubwereza mayeso omwewo tayala linakwera mofewa mpaka pa bump stop, karabara koletsa difu kugunda chasisi.

A rabarawo sanaseme iwo ayi, anandiuza ndikagule a fakitale m'shopu ya masipeya, ang'onoang'ono okhala ndi chigoba cha chitsulo, iwo nkusema mapaipi a kumapeto kwa mikono molingana ndi mabushiwo nkuwalowetsa ndi puresi. Apa panali nzeru ina yomwe ndikanaidziwa kale bwenzi nditapulumutsa ndalama: yamba wapeza bushi yomwe imapezeka mosavuta ku Limbe kapena ku Ndirande kenako panga mkono wokwana bushiyo, osati kupanga mkono kaye nkumazungulira town yonse kusaka bushi yolowamo. Anandikumbutsanso kuti mabawuti a bushi ya rabara amamangidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake ndi kulemera kwake konse. Ukamanga ili pa jeke matayala akulendewera, ukaitsitsa rabara amakhala atapotoka kale isanayende nkomwe ndipo sachedwa kung'ambika. Amakaniko ambiri a pansi pa mtengo amalakwitsa pomwepa kenako timanena kuti masipeya a masiku ano ndi feki.

Kutsogolo nako 95 sinakhalitse. Chiwongolero chinali chakuthwa bwino, ukangogwedeza pang'ono galimoto yamva, koma kamwala kalikonse kamafika m'manja ndipo pa msewu wa mizeremizere dashibodi yonse imanjenjemera mpaka manati kumasuka. Galimoto yanga ndi yopepuka kuposa baki yomwe ndinaphwasula, ilibe kulemera koti nkufinya bushi yolimba chonchija. Komanso mabushi anga khoma lake ndi lopyapyala, bawuti ndi M12, kapaipi ka mkati mamilimita 19 kunja kwake, polyurethane yozungulira ndi mamilimita ochepa chabe. Madala anandionetsa ndi zidutswa ziwiri pa vayisi kuti chidutswa chopyapyala cha 80 chimakanika kufinyika kuposa chokhuthala cha nambala yokwererapo, chifukwa zinthu zimenezi sizichepa ukazipanikiza, zimangotumphukira m'mbali, nde zikasowa kotumphukira zimakhala ngati chitsulo. Choncho nambala payokha sikuuza zonse, uyenera kuonanso kukhuthala ndi kutalika kwake. Tinatsitsa ma wishbone onse pa 80 ndipo apa mpomwe ndakhazikika, chiwongolero chikumvabe bwino koma manja sakuchitanso dzanzi. Zotsala za 95 zija sizinatayike, tinasemera zogwirira steering rack, pamene paja palibe choyenda ndipo ukufuna pagwire nji. Panhard rod ili ndi 80 ku chasisi ndi rabara ku difu. Mashoko onse ndi rabara, ma mounting a injini ndinasiya a Nissan omwewo chifukwa A14 ikamalira pa idle ukaimangirira pa zolimba mano amachita kugundana.

Za luso la manja awo palibe chomwe ndingadandaule. Polyurethane yofewerapo imavuta kusema, imathawa mpeni nkumang'ambika m'malo modulika, ya 95 nde imasemeka bwino. Iwo ya 80 ija amaigoneka mu firiji ya mayi wina wogulitsa mafirizesi pafupi pomwepo, m'mawa nkuisema idakali youma ndi kuzizira, ndi mpeni womwe amanola okha wakuthwa ngati lezala. Bushi iliyonse anaipanga zidutswa ziwiri zokhala ngati chipewa, chimodzi kulowa mbali iyi china mbali inayo, mlomo wa chipewacho nkumateteza kuti mkono usakhulane ndi bulaketi. Kapaipi ka mkati anakasiya kotalikirapo pang'ono kwambiri kuposa bushi kuti bawuti ikamangidwa ifinye kapaipiko osati polyurethane, chinthu chomwe munthu wa nayiloni uja sanachite. Mkati mwa bowo anadulamo timizere tosungira girisi.

Girisiyo nayenso ndi nkhani. Polyurethane popanda girisi amalira ngati bedi lakale, ndipo wabwino ndi wa silicone, woyera womata uja, sachoka msanga ndi madzi. Girisi wamba wakuda komanso oyilo asakhudze a rabara, amawafewetsa nkuwatupitsa, nchifukwa chake galimoto yodontha oyilo mabushi ake sakhalitsa. Koma vuto lathu kuno ndi fumbi la Seputembala ndi Okutobala lija, likasakanikirana ndi girisi limasanduka ngati msasa nkumadya kapaipi pang'onopang'ono. Nde amene mukufuna polyurethane dziwani kuti mwadzipatsa ntchito, ine ndakonza zomasula, kutsuka ndi kupakanso kawiri pa chaka, mvula isanayambe komanso ikatha. Ngati ndinu munthu wofuna kumanga nkuiwala, kapena ndi galimoto ya tsiku ndi tsiku ngati Sienta kapena Probox yonyamula ana kusukulu, ine ndinganene kuti khalani pa rabara wabwino basi. Komanso polyurethane asayandikire ekizozi, kutentha kumamufewetsa.

Tsopano zomwe zinandiwawa, chifukwa zilipo ndithu. Nthawi sasunga. Ntchito yoyamba anati masiku atatu, inatenga sabata ndi theka. Zina ndi kuzima kwa magetsi, alibe jenereta, zimenezo ndikumvetsa, koma zina nzakuti akabwera wa minibasi kapena wa chigayo ndi shafuti yothyoka ali ndi ndalama m'manja, ntchito yako imatsitsidwa pa lathe nkuikidwa pambali, ndipo sakuimbira kukuuza, umakazionera wekha utawononga kale thiransipoti kuchokera ku Chilomoni mpaka ku Limbe, maminibasi awiri kupita awiri kubwera. Foni sayankha akakhala pa makina. Mtengo salemba papepala, amangonena pakamwa, ndipo ulendo wina mnyamata wawo ananditchulira mtengo wosiyana ndi womwe tinagwirizana ndi madala, tinachita kudikira eni ake kuti abwere adzakonze. Timapaipi toyamba anasemera chitsulo wamba osandifunsa, pofika nthawi yomwe timasintha kupita pa 80 timapaipito tinali titayamba kale dzimbiri, ndipo dzimbiri pa malo otsetsereka ngati amenewa ndi lomwe limapala bushi. Ndinachita kukasaka ndekha stainless nkuwabweretsera. Bushi ziwiri zomwe anasema mnyamata wophunzira zinatuluka zolobodoka, komabe zimenezo anabwereza ulere osakangana nane. Ndipo ndodo amasunga za 80 ndi 95 zokha, ukafuna 70 uyenera kuitanitsa kudzera kwa anthu opita ku Joni nkudikira, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu mtengo wake umasintha ulendo uliwonse.

Pa mtengo wonse, polyurethane wosemetsa anandidyera kuposa rabara wa m'shopu koma anachepa kwambiri poyerekeza ndi kuitanitsa opangidwa kale kunja, amenenso sakanakwana pa mikono yopanga ndekha. Ndikawerenga ndalama yomwe inapita pachabe, yambiri inapita pa nayiloni ndi pa 95 yomwe ndinakakamira ndekha nditachenjezedwa, osati pa madala.

Kodi ndingawatumizire munthu? Eya, makamaka amene mukupanga chinthu chanuchanu, kaya ndi galimoto, kaya ngolo yokoka, kaya mukudzutsa Land Rover yakale yomwe mabushi ake asowa. Pitani ndi mkono weniweniwo ndi bawuti yake osati miyezo ya pa pepala, tengani zithunzi zoonetsa mmene wamangidwira pa galimoto, gwirizanani mtengo ndi eni ake inu nkulemba mu foni iwo akuona, nenani kuti kapaipi mukufuna ka stainless, ndipo pa masiku omwe akuuzeni onjezerani sabata. Akakufunsani kuti mkonowo umayenda bwanji musathamangire kuyankha ngati mmene ndinachitira ine.

Bulaketi ija ndinaidula yonse nkuwotcherera ina yokhuthalirapo, ndinasinthanso ya mbali inayo ngakhale inalibe mng'alu. Loweruka lapitali tinali ku Mpemba, pa malo opendekeka aja matayala onse anayi anakhala pansi, ndazungulira munda kambirimbiri nkukwawira pansi ndi tochi, ma weld onse ali bwinobwino. Mvula isanayambe ndimasula akutsogolo kuti ndione mmene girisi wapiririra fumbi la chaka chino, ndipo ndawalonjeza madala kuti mapepala akatha ulendo woyamba wotsetsereka ku Thabwa akhala nawo pa mpando wa kumanzere.